Kuuza munthu kuti "usaope" sikokwanira

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhuleko pa nkhani ya mantha pakati pa Akhristu. Tikulemba ngati anthu amene timaphunzitsa Baibulo ndi kupereka uphungu m'mipingo. Chotidandaulitsa n'chakuti maulaliki ambiri amathera pa mawu akuti "usaope", osamuuza munthu choti akachite akafika kunyumba. Womvera amatuluka m'tchalitchi ndi mantha ake omwe aja, ndipo pamwamba pake wasenzanso manyazi oti chikhulupiriro chake n'chochepa.

Kumva mantha si tchimo. Pa Salmo 56:3 Davide sakunena kuti sadzaopa, akuti tsiku limene adzaopa adzakhulupirira Mulungu. Mfumu Yehosafati anachita mantha atamva kuti Amowabu ndi Aamoni akubwera kudzamenyana naye (2 Mbiri 20:3), ndipo m'pemphero lake anavomera pamaso pa anthu onse kuti sakudziwa chochita, koma maso awo ali pa Mulungu. Mtima kugunda kwambiri, thukuta, kupuma mofulumira ndi kukamwa kuuma, zonsezi ndi thupi likudzikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana ndi choopsa. Munthu akamadziimba mlandu chifukwa cha zimenezi amayamba kuopa manthawo, ndipo vuto limakula.

Choyambirira n'kutchula chimene ukuopa. "Ndili ndi mantha basi" n'chinthu chovuta kuchipempherera. Tengani pepala, lembani chiganizo chimodzi chomveka bwino: ndikuopa kuti ntchito itha, ndikuopa zotsatira za kuchipatala, ndikuopa kuti mwana wanga sabwerera. Mfumu Hezekiya atalandira kalata yomuopseza yochokera kwa Asuri, anapita nayo kunyumba ya Yehova n'kuifunyulula pamaso pake (2 Mafumu 19:14). Sanaibise, komanso sanadzinamize kuti kalatayo kulibe.

Mukalemba, gawani pepalalo pawiri. Mbali ina ikhale ya zimene mungachitepo kanthu, inayo ya zimene sizili m'manja mwanu. Ambiri amasokoneza pamenepa. Zimene zikufuna kuti iwo achitepo kanthu amazisiyira Mulungu, pamene zimene ndi za Mulungu yekha amazisenza usiku wonse. Nehemiya ataopsezedwa pomanga linga la Yerusalemu, iye ndi anzake anapemphera, n'kuikanso alonda usana ndi usiku (Nehemiya 4:9). Miyambo 22:3 imati wochenjera akaona choipa amabisala. Choncho mayi amene akumenyedwa m'banja asamuuze kuti angopemphera kuti mantha achoke. Mantha akewo akunena zoona, ndipo akufunika malo otetezeka ndi thandizo la apolisi. Chimodzimodzi munthu amene wamva chotupa m'thupi: apemphere, ndipo apite akayezetse sabata lomwelo. Kudziponya pa ngozi dala n'kumati Mulungu ateteza, Yesu anakutcha kumuyesa Mulungu (Mateyu 4:7).

Za mbali yachiwiri ija, Afilipi 4:6 amatchula zinthu zitatu: pemphero, pembedzero ndi chiyamiko. Langizo lathu n'lakuti munthu apatule mphindi 15 tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, makamaka madzulo koma osati ali kale pabedi. Ayambe n'kuwerenga ndime yaifupi mokweza, monga Salmo 23, 27, 46 kapena 121. Kenako atchule mantha aja limodzilimodzi monga anawalembera, n'kupempha chimene akufuna mosazungulira. Amalize n'kutchula zinthu zitatu zenizeni zimene Mulungu anamuchitirapo kale. Gawo lomalizali ndi limene anthu amalidumpha, chonsecho ndi limene limakumbutsa mtima kuti aka sikoyamba kupyola pa zovuta. Ganizo lija likabweranso pakati pa usiku, adziuze kuti nkhaniyi waipereka kale ndipo adzaibwerezanso mawa pa nthawi yake.

Onaninso kuti vesi 7 la Afilipi 4 silikulonjeza kuti chimene mwapemphacho chichitika momwe mukufunira. Likulonjeza mtendere wa Mulungu wosunga mtima ndi maganizo. Anzake a Danieli atatu aja anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, iwo salambira fano (Danieli 3:17-18). Amene anaphunzitsidwa kuti wokhulupirira sakumana ndi zoipa amagwa mphwayi tsiku limene choipa chafika.

Mavesi aloweni pamtima nthawi ya mtendere, chifukwa mantha akafika mutu sugwira zatsopano. Vesi limodzi pa sabata n'lokwanira, kulibwereza m'mawa ndi madzulo. Yesaya 41:10, 1 Petro 5:7 ndi 2 Timoteo 1:7 ndi poyambira pabwino. Koma vesi si chithumwa. Alipo amene amalinena kambirimbiri mothamanga, akuopa kuti akalakwitsa liwu limodzi tsoka liwagwera, kapena amabwereza pemphero lomwelo chifukwa sakutsimikiza ngati loyamba linamveka. Pamenepo mantha aja angovala malaya a chipembedzo.

Mantha akagwira mwadzidzidzi, mtima n'kumagunda ngati ukufuna kutuluka, khalani pansi. Kokerani mpweya mkati mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, ndipo pitirizani kwa mphindi zisanu. Kutulutsa mpweya nthawi yaitali kuposa kukoka n'kumene kumathandiza mtima kubwerera m'malo. Mutha kugawa Salmo 56:3 pawiri, theka pokoka, theka potulutsa. Mantha otere kawirikawiri amafika pachimake mkati mwa mphindi 10 n'kuyamba kuchepa okha.

Chinthu chimene chimalimbikitsa mantha koposa n'kuzemba. Munthu woopa kulankhula pagulu akakana kuwerenga Malemba Lamulungu, mtima umakhala pansi tsiku limenelo, koma maganizo ake aphunzira kuti chomupulumutsa n'kuthawa, ndipo ulendo wotsatira mantha amakhala aakulu. Mankhwala ake n'kuyandikira pang'onopang'ono: awerenge pamaso pa munthu mmodzi, kenako pa banja, kenako pa kagulu ka anthu asanu kapena khumi, asanafike pa mpingo wonse. Asadikire kuti mantha athe kaye. Ansembe onyamula likasa anayamba aponda m'madzi a Yordano, madziwo n'kuduka pambuyo pake (Yoswa 3:15-16).

Nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19 tikadakonda atsogoleri a mipingo atamaiwerenga mofatsa. Mneneri amene anali atangogonjetsa aneneri a Baala pa phiri la Karimeli anathawa mawu a Yezebeli mpaka kupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi chidzudzulo. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, anamusiya agonenso, n'kumudyetsanso kachiwiri. Kukambirana kunabwera pambuyo, ku Horebu, ndipo kumeneko Mulungu anamuuza kuti sali yekha, alipo 7,000 amene sanagwadire Baala. Munthu wosagona mokwanira, wosadya, womwa khofi wambiri kapena wothawira ku mowa, mantha ake sachedwa kukula. Kumuika pa kusala kudya kwa masiku ambiri ali wofooka kale n'kumuwonjezera vuto.

Pali nthawi yopita kuchipatala, ndipo kutero si kusowa chikhulupiriro. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali dokotala (Akolose 4:14). Ngati nkhawa yakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi ingapo, ngati munthu wasiya ntchito, sukulu kapena kutuluka m'nyumba, ngati kwa masabata awiri sakusangalala ndi chilichonse, akaonane ndi achipatala. Kuchepa kwa magazi, kutsika kwa shuga ndi matenda a chithokomiro zimathanso kuonetsa zizindikiro zofanana ndi mantha. Kupweteka pachifuwa, kukomoka, kapena maganizo ofuna kudzipha, zimenezo n'zopita tsiku lomwelo, ndipo woganiza zodzipha asasiyidwe yekha. Amene ali kale pa mankhwala asauzidwe ndi mlaliki aliyense kuti awataye ngati umboni wa chikhulupiriro, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweza matendawo mwamphamvu.

Kwa abusa ndi akulu a mpingo pempho lathu ndi ili. Lekani kuopseza anthu ndi maloto awo kapena maulosi a imfa kuti azibwera kwa inu. Munthu akabwera ndi mantha, mumvetsereni mpaka amalize musanatsegule Baibulo, ndipo zimene wakuuzani zisamveke pa guwa kapena pa mapemphero a gulu popanda chilolezo chake. Akuluakulu anati pita uko si kuyenda, koma tiye kuno. Yesu mwini ku Getsemane anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane kuti achezere naye. Wamanthayo mpezereni munthu mmodzi kapena awiri okhwima maganizo oti azikumana naye kamodzi pa sabata, kumufunsa za pepala lija, ndi kumuperekeza tsiku lopita kukamva zotsatira kuchipatala.

Ndife,
Aphunzitsi a Baibulo ndi alangizi a m'mipingo