Kalata kwa mwana wanga ku Missouri, za mfuti ukufuna kugulayo

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, kaya iwe, mpongozi wanga ndi kamdzukulu kanga kumeneko. Mayi ako mawondo aja ayambanso, koma kudimba sakujomba.

Mlongo wako wanditsina khutu kuti ukufuna kugula mfuti ya chifefe yoti ukasakire nkhukundembo zakutchire mu April akubwerayu, ndiponso kuti amene akukusankhira mfutiyo ndi mnzako uja wa pikapu yofiira. Usamukalipire mlongo wako, ndine ndinachita kumupanikiza. Chimvereni nkhaniyi tulo tikundivuta.

Kusakako sindikukuletsa. Ndingakuletse bwanji ine amene ndinkakudzutsa mbandakucha ku Indiana kuja, iwe n'kumagona chokhala pansi pa mtengo, kamwa yasa, ife ndi mkulu uja wa kutchalitchi tikudikira tambala atsike? Kusaka ndi kwabwino, ndipo dera uliko ndi la nkhukundembo zenizeni. Anthu a ku Missouri anazibwezeretsa m'nkhalango zitatsala pang'ono kutheratu, ndipo chiyambire 1960 akhala akutsegula nyengo yosaka chaka ndi chaka. Kasake. Koma mfuti usankhe ndi mutu wako, osati ndi pakamwa pa munthu amene sindinamuonepo m'manja mulibe chitini.

Mlongo wako akuti mnyamatayo akukuuza kuti mwamuna weniweni amanyamula geji 12 ya zipolopolo zazitali zija za mainchesi 3½, ati geji 20 ndi ya amayi ndi ana. Zamkutu zimenezo. Geji si muyeso wa chamuna. Amangowerengera kuti ndi timipira tingati ta mtovu, tokwana ndendende mumpope wa mfutiyo, timene tingalemere paundi imodzi. Tikakhala 12, ndiye geji 12, mpope wake pafupifupi mamilimita 18.5 m'mimba mwake. Tikakhala 20, mpope ndi wocheperako, pafupifupi mamilimita 15.6. Kusiyana kwake ndi kumeneko, mamilimita atatu osakwana n'komwe. Ukagwire rula uwaone mamilimita atatuwo, kenako undiuze ngati ndi oti munthu wa banja n'kuvutika nawo mtima.

Zipolopolo za 3½ zinabwera mu 1988 pamodzi ndi mfuti ya Mossberg 835, ndipo amene ankazifuna kwambiri ndi osaka atsekwe ndi abakha, chifukwa boma linkawaletsa mtovu m'madambo n'kumawauza kuti agwiritse ntchito njere zachitsulo, zomwe ndi zopepuka ndipo zimafuna malo ambiri m'chipolopolo. Osaka nkhukundembo anangotengera. Chipolopolo choterocho chikadzazidwa njere zolemera ma aunsi awiri, mfuti imakankha phewa ndi mphamvu yosasiyana kwenikweni ndi ya mfuti zina zophera njovu. Ndiye taganiza mmene munthu amakhalira posaka mbalameyi: uli pansi, msana wautsamiritsa kumtengo, thupi lilibe kothawira. Mphamvu yonseyo imathera m'phewa ndi m'tsaya. Ukumukumbukira mwana wa mchimwene wa mkulu uja, wamtali uja ankayimba besi? Anabwera ndi mfuti yoteroyo kuseri kwa khola kuja tinkayesera. Atawomba kachitatu ndinamuyang'ana kumaso. Chala chisanakoke n'komwe, diso anali atatsinzina kale, khosi walowetsa m'mapewa, mpope n'kugwera pansi. Katoni imene tinkalunjikayo inangokhala mbee, njere zonse zinakalima dothi. Mfuti ikakuopseza kamodzi, thupi siliiwala, ndipo mantha amenewo ndi ovuta kuwachotsa.

Ine ndikuti gula geji 20 yokoka ndi dzanja, yolandira zipolopolo za mainchesi atatu. Remington 870 kapena Mossberg 500, iliyonse mwa ziwirizi. Ya 870 yakhala ikupangidwa kuyambira 1950, zipangizo zake zili paliponse, ndipo yakale yosamalidwa bwino igwira ntchito chimodzimodzi ndi yatsopano. Geji 20 ndi yopepuka, ndipo zimenezi udzazithokoza ukamadzakwera zitunda za ku Ozarks mumdima, kenako n'kukhala chigwirire mfuti pabondo mpaka mkono kuchita dzanzi, tambala ataima kuseri kwa chitsamba akukuyesa mtima. Mbalameyi siiphedwa ndi kukula kwa phokoso. Nthenga ndi mapiko ake n'zolimba, ukalasa pathupi ithawa ndi bala n'kukafera kutali. Umalunjika pamutu ndi pakhosi, kamalo kochepa, ndipo chofunika ndi chakuti njere zifike pamenepo zili zothithikana. Geji 20 yokhala ndi choke yothina, kachitsulo kochepetsa kukamwa kwa mpope kuti njere zisabalalike, imachita zimenezo bwinobwino. Ngati ukuganiza zodzasakanso abakha ndi mfuti yomweyo, chabwino, tenga geji 12, koma uziikamo za mainchesi atatu basi. Geji 10 usaiyang'ane n'komwe. Kamfuti kakang'ono ka .410 nakonso kasiye kaye, n'ka anthu amene dzanja linakhazikika kale.

Koma mwana wanga, mfutiyo si imene ikundisowetsa tulo. Ndi munthuyo. Paukwati wako ndinamuona ndi maso angawa. Abusa asanadalitse chakudya iye anali atayamba kale kulankhula mokweza, ndipo madzulo ndiwe unamulanda makiyi a galimoto, utavala suti ya ukwati. Mayi ako anandigwira mkono kuti ndisalankhule. Ndinakhala chete tsiku limenelo, lero sindikhala chete. Ndikudziwa kuti ndi bwenzi lako la ponda apa nane mpondepo, anakusunga pa sofa pake ntchito itakuthera, ndipo zimenezo sindikuzichepetsa. Umuthokoze, uzimuitana kunyumba adzadye nsima. Koma m'nkhalango, mfuti ili yodzaza, ayi.

Kusaka nkhukundembo kuli ndi ngozi yakeyake imene kusaka agwape kulibe. Kwa agwape mumavala zaolenji, munthu amaonekera patali. Kwa nkhukundembo mumavala zofanana ndi tchire kuyambira kuphazi mpaka kumaso, n'kubisala, kenako n'kumalira ngati thadzi kuti tambala abwere. Ndiye kuti ukudzisandutsa dala chinthu chimene mlenje mnzako akufunafuna. Anthu ambiri amene amawomberedwa pa usaki umenewu amawomberedwa ndi mlenje wina amene anamva kulira, n'kuyamba kunyang'amira, n'kuona chinachake chikugwedezeka. Munthu wabwinobwino amalakwitsa chonchi. Nanga amene wagona 2 koloko atapapira, 4 koloko n'kudzuka mutu uli waa, m'thumba muli kabotolo koti kamuchotsere kuzizira? Diso lake lidzaona ndevu za tambala pamene pali dzanja lako.

N'chifukwa chake mkulu uja ankatisecha tisanatsike m'galimoto. Unalira tsiku lina atakuvula sikafu yofiira imene mayi ako anakulukira, ukukumbuka? Chofiira, choyera ndi chabuluu ndi mitundu ya mutu wa tambala, chakuda ndi thupi lake. Ngakhale masokosi oyera osuzumira pamwamba pa jombo ankatibweza nawo. Ukhale pamtengo waukulu kuposa mapewa ako kuti kumbuyo kukhale kotetezeka. Kulira kwa nkhukundembo usamakulondole, uziitana kuti ibwere yokha. Ukaona mlenje wina akubwera usamukupize dzanja, usagwedezeke, ungofuula ndi mawu a munthu kuti adziwe. Ndipo chala chisayandikire kokokera usanaone ndevu pachifuwa pa mbalameyo, chifukwa nyengo ya April lamulo limalola tambala kapena ya ndevu zooneka basi. Zonsezi zimafuna mutu wozizira, wako ndi wa amene wakhala naye pafupi. Iweyo ukhoza kusunga malamulo onse, koma mfuti inayo ili m'manja mwa wina.

Agogo ako ku Dedza anali ndi gogodera yawo ija, yothira wonga kukamwa. Mowa ankamwa, sindikubisira, masese a kwa azakhali ako sankawadutsa. Koma likakhala tsiku la uzimba, kuyambira dzulo lake chipanda sankachikhudza, ndipo wobwera akununkha ankamubweza pamaso pa anthu, kaya ndi mlamu wawo. Anthu ankawanena kuti ndi ouma mtima. Sindikudziwa chifukwa chake ndawakumbukira lero, mwina poti mphuno yakoyo ndi yawo.

Tsopano za ndalama, poti ndikudziwa kuti mnzakoyo akuuzanso za TSS. N'zoona, njere zimenezi ndi zimene zapatsa geji 20 ulemu masiku ano. Ndi za chitsulo cha tungsten, cholemera magalamu 18 pamene mtovu wa muyeso womwewo umalemera 11 ndi pang'ono. Choncho kanjere kakang'ono ka nambala 9 kamalowa mwakuya ngati njere ya mtovu ya nambala 5, ndipo m'chipolopolo chimodzi mumalowa tambirimbiri. Kampani ya Federal itayamba kuzigulitsa m'masitolo mu 2018, anthu ambiri anapachika mfuti zawo zolemera. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba: zimabwera zisanu m'kabokosi, ndipo chimodzi chimatha kupitirira madola 10. Iwe uli ndi lendi, uli ndi khanda. Yamba ndi za mtovu, nambala 5 kapena 6, n'kudziletsa kuwomba patali kuposa mayadi 30. Ukafuna TSS gula kabokosi kamodzi, ziwiri uyesere, zitatu usunge. Nyengo yonse lamulo la kumeneko silikulola kupha zoposa ziwiri, ndiye mabokosi ambiri ndi a chiyani? Ndipo usamvere zoti ndi TSS ukhoza kuwomba pa mayadi 60 kapena 70. Zimenezo ndi nkhani za kubala. Luso la usakiwu ndi kuiitana mbalame mpaka ifike pafupi, uzimva mapiko ake akukhwekhwereza pansi.

Mfuti ukagula usathamangire nayo kutchire. Tenga katoni yaikulu, ujambulepo mutu ndi khosi la nkhukundembo, uyese mayadi 40 ndi tepi, osati ndi mapazi. Womba utakhala pansi monga mmene udzakhalire tsikulo. Kenako jambula bwalo la mainchesi 10 pamene njere zachuluka, uwerenge mabowo ndi cholembera, limodzilimodzi. Alenje ambiri amafuna mabowo 100 m'bwalomo. Akapanda kukwana, sendera pa mayadi 35, kenako 30, mpaka akwane, ndipo pamenepo ndiye malire a mfuti yako. Uonenso ngati njerezo zikugwera pamene walunjika, chifukwa mfuti zina zimaponya m'mwamba pang'ono kapena kumbali. Ntchito imeneyi uipange wekha kapena ndi malume a mkazi wako, osati Loweruka masana pali nyama yootcha ndi bokosi la mowa.

Pali chinanso chimene mlongo wako ananena monong'ona, ndipo ndikupemphera kuti anamva molakwa. Akuti mnzakoyo anati popeza ukupita kale kusitolo, umugulireko yake m'dzina lako, ndalama adzakubwezera. Mwana wanga, tamvera. Munthu wamkulu amene sangathe kukaima yekha pakauntala n'kulemba dzina lake, pali chimene chikumuletsa, ndipo iye akuchidziwa. Pa fomu ija ya 4473, yolemba pogula mfuti kusitolo, amakufunsa ngati mfutiyo ukugulira iwe mwini. Kunama pamenepo ndi mlandu wa boma lalikulu, ndipo chiyambire lamulo la 2022, kugulira mfuti munthu woletsedwa kukhoza kukulowetsa m'ndende zaka mpaka 15. Iye ndi mbadwa, akatuluka abwerera kwa mayi ake. Iwe uli ndi green card chabe, unzika sunatuluke, ndipo mlandu wa mfuti ndi umodzi mwa imene amathamangitsira munthu m'dzikomo. Zaka zonse zija mayi ako ankagwira mashifiti ausiku, miyendo kutupa, zidzathere pa siginecha imodzi yochitira manyazi mnzako? Ukakana akwiya. Msiye akwiye.

Usandione ngati ndakusandutsa mwana. Ndimanyadira mmene ukusungira banja lako, ndipo anthu kuno ndimawaonetsa zithunzi mpaka amatopa nane. Koma mtima wakowo ndi wofewa, sutha kunena kuti ayi, unali choncho kuyambira uli kusukulu pamene unkagawa chakudya chako chonse n'kubwera kunyumba ndi njala. Anthu ena amaudziwa mtima woterowo ndipo amaudyera masuku pamutu.

Satifiketi yako ya maphunziro a alenje ija mayi ako akuti ili m'chikwama chabuluu chimene tinasiya kwa mlongo wako, ukaitenge chifukwa podula chilolezo adzaifuna. Utengenso kabuku ka malamulo a chaka chino ka Missouri Department of Conservation, uwerenge wekha, usachite kuuzidwa. Kumeneko njere zazikulu kuposa nambala 4 n'zoletsedwa, ndipo mfuti isamatenge zipolopolo zoposa zitatu. Kunyumba mfuti izikhala yokhoma, zipolopolo kwina, kamwanako kayamba kukwawa posachedwa.

Malume a mkazi wako ndi munthu wosamwa ndipo tchire la kumeneko amalidziwa. Ukawapemphe mwaulemu kuti akutenge chaka choyambachi, sangakukanize. Unditumizire chithunzi cha katoniyo mabowo utawerenga, ndipo undiuze dzina la amene udzakwere naye galimoto m'mawa wa tsiku loyamba. Likakhala la wa pikapu yofiira uja, ndidzaimbira mpongozi wanga ndekha kuti abise makiyi a kabati ya mfuti.

Mayi ako akuti mafuta opaka mawondo aja atha.

Ndine bambo ako.