Kutalika kwa mpendadzuwa kumayambira ku mizu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa anzanga okonda maluwa, loti mpendadzuwa sungatalike m'madera otentha chifukwa dzuwa limaupsereza. Ine ndaulima m'dimba langa kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti dzuwa timangolinamizira, popeza mbewu imeneyi, yomwe inachokera ku North America, imafuna kuwombedwa ndi dzuwa kwa maola 6 mpaka 8 pa tsiku. Vuto lenileni ndi momwe timasamalira mizu yake m'masabata oyambirira.

Mpendadzuwa uli ndi muzu waukulu umodzi wolunjika pansi, ndipo muzu umenewu ukapindika kapena kuduka, mbewuyo imapinimbira mpaka kalekale. Chaka changa choyamba ndinafesa njere m'timachubu, ndipo pookera ndinapeza mizu itazungulira pansi pa chubu ngati chingwe. Mbewuzo zinachita maluwa zitangondifika m'chiuno. Kuyambira pamenepo ndimabzala pamalo pomwe mbewu idzakulire, nditakumba dzenje lozama theka la mita ndi kusakaniza dothi ndi manyowa owolerana bwino. Njere ndimazikwirira masentimita 2 kapena 3 okha, ndipo zimamera pasanathe masiku 10.

Pamene ambirife timalephera ndi pa kupatulira. Zimapweteka mtima kuzula mbande zobiriwira bwino, ine ndikudziwa, koma pa phando payenera kutsala mbewu imodzi yokha, ndipo mapando atalikirane masentimita 60 kapena kuposerapo. Mbewu zothithikana zimalimbirana kuwala, mapesi ake amakhala owonda ndi ofooka, ndipo mphepo yoyamba ya mkuntho imawagwetsa onse.

Kuthirira nakonso kumafuna nzeru kumalo otentha. Amene amawaza timadzi pang'ono tsiku ndi tsiku amaphunzitsa mizu kukhala pamwamba, pomwe dothi limauma msanga ndi kutentha kwambiri. Ndi bwino kuthira madzi ambiri m'mawa, mwina kawiri pa sabata, kuti chinyezi chilowe pansi ndipo muzu uchitsatire, kenaka n'kuphimbira ndi udzu wouma mozungulira phesi. Masana dzuwa likafika paliwombo masamba amalendewera ngati afota, koma wolima asathamangire keni nthawi yomweyo. Ayambe wapisa chala m'dothi, chifukwa kawirikawiri masambawo amadzuka okha dzuwa likapendeka. Feteleza wa nayitrojeni akachuluka amangochulukitsa masamba ndi kufewetsa phesi.

Kunena zoona, mtundu wa mbewu ulinso ndi mbali yake. Mitundu ina inapangidwa kuti ikhale yaifupi, ndipo ngakhale itasamalidwa chotani singafanane ndi Russian Mammoth kapena American Giant, yomwe imatha kupitirira mamita 3. Mu 2014 Hans-Peter Schiffer wa ku Germany anakulitsa mpendadzuwa wa mamita 9.17, koma anachita kuumangira nsanja yochirikizira. Kwa ife a m'madimba wamba, mtengo wolimba umodzi wozikidwa pa tsiku lobzala ndi wokwanira. Ndikutsindika za tsiku lobzala chifukwa mtengo wozikidwa mochedwa umalasa muzu womwe uja takhala tikuuteteza. Phesi limangidwe ndi kansalu kofewa, mosathina, popeza limanenepa msanga.

Palinso chinthu china chimene obzala ayenera kuganizira posankha malo. Mpendadzuwa umatsatira dzuwa kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo ukadali waung'ono, koma duwa likatseguka umasiya kuzungulira ndipo umayang'ana kum'mawa. Choncho amene akufuna kumaona nkhope za maluwa ake ali pakhomo awabzale chakumadzulo kwa nyumba, apo ayi adzangoonera kumsana kwake pomwe njuchi ndi anthu odutsa m'njira akusangalala nawo.

Ndine wanu,
Wowerenga wokonda zomera