Usaikane ngongole ya sukulu, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako woti akutenga ku yunivesite ya ku Leeds kukaphunzira unamwino watisangalatsa kwambiri, moti bambo ako auza kale mpingo wonse. Chandisowetsa tulo ndi mawu ako aja oti ngongole sukuifuna, uzingodalira Universal Credit, chithandizo cha ndalama chija cha boma.

Kuno ku England munthu wophunzira maphunziro a tsiku lonse nthawi zambiri salandira Universal Credit. Iwe wapulumukira poti ukulera mwana wekha, komanso mapepala ako ndi a ILR, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Msuweni wako asatengere iwe ayi, pa visa yake analemba kuti asakhudze chithandizo cha boma.

Tsono tchera khutu. A DWP, nthambi ya boma yopereka Universal Credit, akamawerengera ndalama zako, ngongole yodyera ija, maintenance loan, amaiona ngati yalowa kale m'thumba mwako, kaya waitenga kaya sunaitenge. Amaigawa pa miyezi ya sukulu, n'kuichotsa pa Universal Credit yako, kusiyako mapaundi 110 pamwezi ndi gawo la ngongoleyo lotchedwa special support, limene olera ana okha ngati iwe amapatsidwa. Ukaikana, iwo adula ndithu, pamene iwe m'manja mulibe kanthu. Lendi udzalipira ndi chiyani? Ndikudziwa kuti tinakulera ndi mantha a katapila, koma ngongole iyi si yotero. Kubweza kumayamba ukamalandira kuposa mapaundi 25,000 pachaka, ndipo amadula 9 peresenti ya ndalama zapamwamba pa malirewo basi.

Ngongole ya fizi saiwerengera. Digiri yako ya ku Zomba ija ikadakutsekera ngongole pa maphunziro ena ambiri, koma unamwino anaupatula. Ufunsirenso ndalama zothandiza makolo amene ali pasukulu, Parents' Learning Allowance ndi Childcare Grant, imene imalipira mpaka 85 peresenti ya mtengo wolerera mwana. Izi sabweza. Kungoti Childcare Grant sungailandire pamodzi ndi ya chisamaliro cha mwana ya ku Universal Credit, usankhe imodzi. A NHS, a zipatala za boma, nawo amapatsa ophunzira unamwino mapaundi 5,000 pachaka, ndi 2,000 ina kwa amene ali ndi ana.

Kalata ya Student Finance, opereka ngongoleyi, ikangofika, ulembe zonse mu journal yako ya Universal Credit ya pa intaneti tsiku lomwelo. Ukachedwa adzakulipira zopitirira, kenako n'kuzitenga pang'onopang'ono nthawi yomwe uli pa mayeso. Ukatengenso kalata kusukulu yokapereka ku khonsolo kuti akuchotsere council tax, msonkho wa nyumba.

Loweruka ubwere kuno ku Manchester ndi mdzukulu wanga, utenge makalata onsewo tidzawerengere limodzi.

Ndine,
Mayi ako