Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za ana: mlandu ukatha, mwana amatsala ndi ndani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Lilongwe, ndipo ndagwira choko zaka 16. Ndakulemberani chifukwa cha mtsikana wina amene ndinamulakwira.

Anali mu Sitandade 5, m'kalasi la ana oposa 100. Teremu yoyamba ankakhala kutsogolo, wochangamuka, masamu ankawamwa ngati madzi. Teremu yachiwiri anasamukira kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Anayamba kusinza m'kalasi, kope lake linali mbuu, ndikamufunsa funso ankangondiyang'ana ngati sakundiona. Tsiku lina mphepo inamenyetsa chitseko, phaa! Mwanayo analumpha, nakadzikunga pakona atagwira mutu, akunjenjemera thupi lonse. Kalasi lonse linafa nacho chiseko. Ine ndinati ndi chibwana, ndipo ndinamupatsa chibalo chosesa bwalo. Masabata otsatira ndinamutcha waulesi, ndinamutchanso wamwano, pamaso pa anzake.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa gulu la amayi loyang'anira atsikana pasukulu pathu. Anandikokera pansi pa mtengo wa mango nkundiuza kuti mwanayu ankagwiriridwa ndi wachibale amene ankakhala naye nyumba imodzi, kwa miyezi. Kusinza kuja n'kuti usiku sankagona, ankamvetsera mapazi.

Nkhani inapita kupolisi. Kuchipatala anamupima nkumupatsa mankhwala. Mlandu unazengedwa ndipo munthu uja ali kundende. Tonse tinapumira m'mwamba nkunena kuti zatha. Koma mwana anabwerera m'kalasi ali chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Agogo ake anandiuza kuti wayamba kukodza pamphasa, mwana wa zaka 11, ndipo amabwebweta kutulo. Achibale ena anasiya kumulankhula, akuti wamangitsa munthu amene ankagula ufa pakhomopo. Ena ankati amulodza. Ambiri ankangoti, “Ndi mwana uyu, aiwala.”

Mawu amenewa, a Nduna, ndi amene ndikufuna kutsutsa, ndipo si ine ndekha. Pakati pa 1995 ndi 1997, madokotala awiri a ku America, Vincent Felitti ndi Robert Anda, anafunsa akuluakulu oposa 17,000 mumzinda wa San Diego za zowawa zimene anadutsamo ali ana: kumenyedwa, kunyozedwa, kugwiriridwa, kuona mayi awo akumenyedwa, kukula ndi chidakwa m'nyumba. Pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anali atakumanapo ndi chimodzi mwa izi. Atayerekeza mayankho ndi umoyo wa anthuwo, anapeza kuti zowawa zikamachuluka, matenda nawo amachuluka. Amene anakumana ndi mitundu 4 kapena kuposa anali ndi chiopsezo chokwera maulendo pafupifupi 12 choyesa kudzipha kusiyana ndi amene sanakumane ndi chilichonse. Uchidakwa, kukhumudwa kosatha, ngakhale matenda a mtima ndi a chiwindi, zonse zinkatsatira mzere womwewo. Ambiri mwa anthuwa anali a zaka 50 kapena kuposa. Zaka zonsezo, thupi silinaiwale.

Wina anganene kuti izo ndi za ku America. Koma unduna wanu womwewo, mothandizana ndi UNICEF komanso Centre for Social Research ya ku Zomba, unachita kafukufuku wa nkhanza zochitira ana m'dziko muno mu 2013. Munapezeka kuti mtsikana mmodzi mwa 5 aliwonse ndi mnyamata mmodzi mwa 7 aliwonse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18, ndipo anyamata pafupifupi awiri mwa atatu anachitidwapo nkhanza zakumenyedwa. Amene analandira thandizo la akatswiri anali ochepetsetsa. Nditawerenga izi ndinatenga kaundula wa kalasi langa nkuyamba kuwerenga maina. Ngati ziwerengerozo zili zoona, ndiye kuti mtsikana uja sali yekha m'chipinda chija, ndipo ena ndikuwapatsabe chibalo mpaka lero osadziwa.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kumvetsa zomwe zinkachitika tsiku la chitseko lija. Akatswiri a ubongo amafotokoza kuti munthu akaona zoopsa, thupi limatulutsa timadzi monga adrenaline ndi cortisol kuti athawe kapena adziteteze. Mtima umathamanga, minofu imakungika, maso amakhala tcheru. Zoopsa zikadutsa, zonse zimabwerera m'malo. Koma mwana amene zoopsa zake zimagona chipinda choyandikana naye, belu la m'thupi mwake silizima. Mbali ya ubongo yonunkhiza ngozi imakhala yogalamuka usana ndi usiku, pamene mbali yothandiza kutchera khutu, kukumbukira ndi kuugwira mtima imapanikizika. Mwana wotere sangasunge matebulo a masamu m'mutu, pakuti mutu wonse uli pa ulonda. Ena amangoti zii ngati palibepo, ena amachita ndewu pa kanthu kakang'ono, ena amathawa pakhomo. Mukamadutsa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kupita kumsika, ana amene amatambasula manja pagalimoto aja, mudzafunse kuti anathawa chiyani. Ife timawatcha opulupudza, koma n'kutheka kuti ambiri ndi ovulala, bala lake losaoneka.

Sindikulemba kuti ndingodandaula, chifukwa kafukufuku wina akuti bala limeneli limapola. Katswiri wina wa kakulidwe ka ana, Emmy Werner, anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula. Mwa amene anakulira mu umphawi ndi m'makomo a mikangano, mmodzi mwa atatu anakula bwinobwino, wodzidalira ndi wosamala ena. Chimodzi mwa zimene zinawasiyanitsa ndi anzawo chinali chakuti anali ndi munthu wamkulu, ngakhale mmodzi yekha, amene ankawakonda mosasinthasintha: agogo, azakhali, mphunzitsi. Ife Amalawi izi si zachilendo, timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimene tikusowa ndi kuphunzitsa munthu mmodzi ameneyo kuti adziwe chimene akuona ndi chimene anganene.

Ndipo anansi athu aonetsa kale kuti n'zotheka. Ku Lusaka, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Laura Murray wa ku yunivesite ya Johns Hopkins linaphunzitsa anthu wamba, osati madokotala, njira ya uphungu yothandizira ana amene anaona zoopsa. Ana 257 a zaka 5 mpaka 18 anagawidwa pawiri. Gulu lina linkakumana ndi wopereka uphungu sabata ndi sabata kwa miyezi ingapo: kuphunzira kupuma mofatsa mantha akabwera, kutchula dzina la zimene akumva mumtima, kenako pang'onopang'ono kufotokoza nkhani yawo mpaka itasiya kuwaluma, ndi kumvetsa kuti si iwo analakwa. Owasunga nawo ankaphunzitsidwa. Zotsatira zinatuluka mu 2015: zizindikiro za mantha ndi kuvutika maganizo zinatsika ndi pafupifupi 82 pa 100 aliwonse, pamene mwa ana a gulu linalo, amene analandira thandizo wamba lomwe linalipo kale, zinatsika ndi 21 yokha. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anakhazika agogo aakazi pa mabenchi kunja kwa zipatala kuti azimvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo zinathandiza. Zambia ndi Zimbabwe si maiko olemera. Ana a ku Lusaka ambiri amalankhula Chinyanja ngati ana anga omwewa.

Sindikupeputsa zimene boma lachita. Tili ndi lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kuli nambala yaulere ya 116, kuli nthambi zothandiza ozunzidwa kupolisi, kuli malo a Chikwanekwane m'zipatala zikuluzikulu kumene wapolisi, wachipatala ndi wa zachisamaliro amapezeka pamodzi. Zonsezi zimagwira mwana pa tsiku la ngozi. Pempho langa likukhudza miyezi yotsatira, pamene mafayilo atsekedwa, amabungwe apita, ndipo mwana wabwerera ku Mtandire, ku Kauma kapena ku Chinsapo, kumene ndalama ya minibasi yopita kukaonana ndi katswiri ndi yomweyo yogulira ndiwo.

Ndikupempha kuti mu bajeti ya unduna wanu mukhale ndalama yodziwika bwino ya uphungu wa ana ozunzidwa, kuti mwana aliyense amene nkhani yake yafika kupolisi kapena kuchipatala akhale ndi munthu womuyendera kudera kwake kwa miyezi yosachepera 6. Anthu ake alipo kale: oteteza ana m'madera, alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba, magulu a amayi a m'sukulu, atsogoleri a achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti. Asaphunzitsidwe masiku awiri kuhotelo ku Salima nkupatsidwa chikalata basi. Ku Lusaka kunatheka chifukwa opereka uphungu aja ankayang'aniridwa ndi kuwongoleredwa pafupipafupi. Popanda zimenezo, munthu wamtima wabwino akhoza kutukula bala nkulisiya lili yasa.

Ndiponso mukhale pansi ndi anzanu a unduna wa zamaphunziro. Mphunzitsi amakhala ndi mwana maola ambiri kuposa wina aliyense kunja kwa banja, ndipo nthawi zambiri ndi iye woyamba kuona kusintha. Aliyense wotuluka m'sukulu zophunzitsa aphunzitsi azidziwa kuti mwana akasintha mwadzidzidzi, choyamba ndi kumuitanira pambali nkumufunsa mofatsa kuti kunyumba kuli bwanji, ndipo akaulula, mawu oyamba akhale akuti “ndakukhulupirira, sunalakwe ndiwe.” Ine ndinadziwa izi mochedwa.

Mtsikana uja tsopano ali mu Sitandade 7. Ndinapita kwawo kukapepesa pamaso pa agogo ake. Sanayankhe kanthu, anangoyang'ana pansi akukanda dothi ndi chala cha kuphazi. Mayi wa gulu la amayi uja amamuitana Loweruka lililonse kuti azisankha nyemba limodzi, akucheza. Kukodza pamphasa kunasiya. Masamu ayamba kubwerera. Koma amakhalabe pafupi ndi chitseko, ndipo mphunzitsi wake watsopano ndinamupempha kuti asamusunthe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Sitandade 5, Lilongwe