Klorini yekha sangayeretse zonyansa zotayidwa m'dambo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzi yanu. Sabata yatha ndinalawirira kukathirira mpiru kudimba kwanga, m'dambo la kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Ndinapeza kuti usiku munthu wina wadzakhuthula zopopa m'chimbudzi m'mbali mwa mfuleni. Ntchentche zinali zitaunjikana kale, ndipo kumunsi kwake, mapazi ochepa chabe, ndi kumene kuli chitsime chomwe timatungapo mipopi ikauma.

Nditawauza anzanga, anandiyankha kuti ndisavutike, tingothiramo klorini. Yankho limenelo ndi lomwe landilembetsa kalatayi.

Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa klorini, ndipo kloriniyo anapulumutsa ambiri. Koma mankhwalawa amafuna madzi oyera kale. Mukawathira m'madzi a matope ndi ndowe, mphamvu yake imathera pa zinyalalazo, tizilombo tobisala m'matopemo n'kutsala tamoyo. Ngakhale m'ndowa ya madzi oyera, alangizi a zaumoyo amati tidikire mphindi 30 tisanamwe. Nanga m'chithaphwi cha zam'chimbudzi?

Ndipo si kolera yekha amene amayenda m'zonyansazi. Mumakhalanso mavairasi: rotavirus yemwe amatsegula ana m'mimba, a matenda a chiwindi omwe amachititsa maso chikasu, ndi poliyo. Tisaiwale kuti mu February 2022 kunalengezedwa kuti mwana wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, matenda omwe tinkayesa kuti tinatsanzikana nawo. Mavairasi amenewa ndi ang'onoang'ono kuposa mabakiteriya, moti mvula ikagwa amatsika ndi madzi m'nthaka mpaka kulowa m'zitsime zosazama. Ndipo mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, sikata msanga.

Zonyansa zili ndi njira yake. Zimayenera kukatayidwa ku maiwe okonzedwera ntchitoyo, matope n'kudikha pansi, madzi a pamwamba n'kukhala masiku ambiri padzuwa, pakuti kuwala kwa dzuwa kumafoola mavairasi. Zikatero m'pamene klorini angagwire ntchito.

Ambirife tilibe mipope ya suweji, timadalira zimbudzi zokumba ndi maseputiki. Choncho ndikupempha akuluakulu a mzinda wathu kuti opopa zimbudzi onse alembedwe m'kaundula, ndipo kukataya ku maiwe kukhale kotsika mtengo kuti asamakopeke ndi dambo. Eni nyumba nanunso, musanalipire muziwafunsa kumene akukataya.

Mpiru wa kumbali imeneyo ndazula wonse, sindingaugulitse kwa mayi mnzanga.

Mayi wolima dimba,
Chibavi, Mzuzu