Naphiri, za Lamulungu la mishoni lija usakane

Naphiri mwana wanga,

Voisi noti yako ndaimvera, ndiye ndati ndingolemba chifukwa pa foni netiweki imangodukaduka komanso iwe ukayamba kulankhula supereka mpata. Ukuti bambo mfumu akwanu ku Glasgow akupempha kuti udzaime kutsogolo pa Lamulungu la mishoni unene za kumudzi kuno, koma iwe ukufuna kukana chifukwa chaka chatha anapachika zithunzi za ana amamina, ntchentche kumaso, anthu nkumakucheukira iwe ngati ndi azing'ono ako. Manyaziwo ndawamva, inenso zithunzi zoterozo zimandinyansa. Koma usakane. Ukakana iwe adzaima wina amene anangobwera kuno kudzacheza nkujambula ana ku Mtandire, ndipo adzanena zomwe anaona pawindo la galimoto basi.

Dziwa kaye kuti chopereka chimenecho si cha azungu okha ayi. Tsiku lomwelo, Lamulungu lachiwiri kuchokera kumapeto kwa Okutobala, ifenso kuno ku Likuni, ku Maula, ku Kawale timaponya m'mbale, mpaka agogo ogulitsa tomato pa Chinsapo amamasula mfundo ya chitenje. Anakhazikitsa tsikuli ndi Papa Pius XI mu 1926, ndalama za dziko lonse zimakumana pamodzi kenako nkugawidwa ku madayosizi oposa 1,000 amene sanafike podziyimira paokha. Ndiye ukaima pamenepo sukupemphetsa, ukuuza anzako osonkha nawo kumene ndalama yawo ndi yathu imakagwera. Ndipo amene anayambitsa zosonkhazi sanali episkopi, anali mtsikana wa ku Lyon ku France, Pauline Jaricot, anasonkhanitsa azimayi ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu m'magulu a anthu khumikhumi, aliyense kakobidi kamodzi pa sabata, ngati mmene timachitira ife ku banki mkhonde. Bungwe lake linakhazikika mu 1822. Uwauze zimenezo, ena mwa iwo sakuzidziwa ngakhale ndi mbiri ya kwawo konko.

Tsono za kuno uzitchula malo ndi maina ake, usamangoti "ku Africa" ngati ndi mudzi umodzi. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901. A White Fathers anatsegula Mua ndi Chiwamba mu 1902, chaka chotsatira a ku Chiwamba aja nkusamukira kuno ku Likuni, chaka chomwecho Kachebere ku Mchinji nayo nkuyamba. Anthuwo anavutika, ambiri malungo anawatenga akadali anyamata, izo usabise ndipo uwathokoze. Koma unenenso kuti njerwa za matchalitchi ndi masukuluwo anaumba ndi anthu akuno, madzi anatunga ndi azimayi akuno, ndipo m'masukulu a kumidzi amene ankaima kutsogolo tsiku ndi tsiku anali akatekisiti achikuda, wansembe ankangofikako mwa apo ndi apo. Agogo ako aamuna anaphunzira kulemba dzina lawo kwa munthu woteroyo, pansi pa mtengo, kulemba ndi chala padothi. Pa zithunzi zakale akatekisitiwo amakhala kumapeto kwa mzere ndipo maina awo salembedwa, zimandiwawa.

Za zipatala ndiye uli nazo zambiri zonena, iwe mwini ndiwe nesi. Chipatala cha Likuni chinayamba mu 1940 ngati kadisipensale ka asisitere, lero ndi chipatala chachikulu, ndipo Likuni Phala amene mwana aliyense m'Malawi muno amamudziwa dzina lake linachokera pomwepa, ufa wa chimanga ndi soya wopulumutsira ana onyentchera. St Gabriel ku Namitete anayambitsa ndi asisitere ochokera ku Luxembourg mu 1959. Ku Mua ankasamala odwala khate nthawi imene anthu ankawathawa. Kuli Mtengowanthenga, Madisi, Nambuma, Mlale, zonsezi zili kumidzi. Koma pamenepa usalankhule ngati ndi Akatolika okha, Nkhoma ndi ya CCAP, Malamulo ndi ya a Seventh Day, St Luke's ku Malosa ndi ya Anglican, onse ali pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo pamodzi amanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Mwina mu tchalitchimo mudzakhala wina wa Church of Scotland wobwera ndi mkazi wake, asamve ngati tikufufuta Livingstonia ndi Blantyre Mission.

Adzakufunsa kuti nanga zipatala za mpingo zimalipiritsiranji osauka. Usazembe, nzoona zimalipiritsa, ndipo pali anthu amene amakhala ndi mwana wotentha thupi mnyumba kudikira kuti agulitse kaye nkhuku. Afotokozere mmene zimayendera, boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri, komanso pali mgwirizano woti m'zipatala zambiri amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa ulere boma nkubweza ndalamayo, koma mankhwala, dizilo wa jenereta magetsi akazima, matayala a ambulansi, denga likayamba kudontha, zonsezo chipatala chidzionere chokha. Nanga kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 pamene mankhwala amagulidwa ndi dola, ukuganiza asisitere amagona tulo? Apa ndi pamene ndalama yawo ija imagwira ntchito, si kugula maswiti ogawira ana pa kamera.

Zolakwika zinaliponso, eti, usadziyese loya wa amishonale. Zaka za m'ma 1920 kunali kulimbana koopsa pakati pa ansembe ndi anyau ku Mua ndi kuno ku Lilongwe, ansembe akufuna ana kusukulu, akuluakulu akufuna ana kudambwe, ndipo zambiri za makolo athu zinangotchedwa zachikunja osazimvetsa kaye. Chondiseketsa nchakuti ku Mua komweko ndi kumene Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anthu anawapatsa dzina loti Achisale, anatsegula Kungoni mu 1976, ndipo lero munthu akafuna kuona zigoba za gule wamkulu zambirimbiri pamalo amodzi amapita ku mishoni. Ukhoza kuinena imeneyo mwachidule, azungu amakonda nkhani zotere, koma usakhalitsepo.

Chimene ndikufuna utsindike ndi ichi, mpingo wa kuno suli chogona kudikira envelopu. Episkopi Patrick Kalilombe atakhala pa mpando wa Lilongwe mu 1972 analimbikitsa miphakati ndi nkhani yoti mpingo ukhale wodzidalira, ndipo mpaka lero ndi kumphakati kumene timasonkha fizi ya mwana wamasiye, kukaona wodwala, kugula bokosi pa maliro, komanso kudyetsa ansembe athu ndi za masika. Anthu akwanuwo amaidziwa bwino Mary's Meals chifukwa ndi ya kwawo, a Magnus MacFarlane-Barrow a ku Dalmally anaiyamba kuno mu 2002 chaka cha njala ija ndi ana 200 okha, pano ana oposa 1 miliyoni m'Malawi muno amamwa phala kusukulu. Chabwino, ufa ndi ndalama zawo. Koma amene amadzuka kusanache, nkhuni kumutu, kukatakasa phala mu chimphika chija utsi uli m'maso popanda malipiro ndi amayi a ana omwewo. Azakhali ako achita zimenezo mpaka msana unawakana.

Kenako udzinene iwe mwini. Unaphunzira kwa asisitere, unesi unakautenga ku Nguludi ku koleji ya mpingo, lero manja omwewo ndi amene akusambitsa ndi kutembenuza makolo a anthu amene adzakhale pa mabenchiwo. Wansembe wochokera ku Nigeria uja unkanena kuti amabwera kudzachita Misa kwanuko, wabwera chifukwa kumeneko ansembe akuchepa. Usanene mwamwano kapena monyada, ungonena mmene zilili, kuti zimene makolo awo anatumiza kuno zina zabwerera kwawo zili ndi miyendo. Kunena zoona ine zimandipweteka kuti manesi athu akuthera kunja pamene ma wodi akuno nesi mmodzi akuthamanga yekha usiku wonse, koma imeneyo ndi nkhani ya ine ndi iwe, tidzakambirana ukadzabwera pa Khirisimasi.

Za ndalama ndiye undimvere bwinobwino. Misa ikatha padzabwera agogo ena achifundo kudzakufumbatitsa ma paundi kuti "katumize kwanu". Usalandire m'manja mwako, usapereke nambala ya akaunti yako, ngakhale yanga. Uwalozere ku envelopu ya Missio, bungwe la mpingo lotolera chopereka cha mishoni, kapena kwa bambo mfumu, zidutse njira yake yokhala ndi malisiti. Ndaona banja lina kuno likudana mpaka osayenderana pa maliro chifukwa cha ndalama za mjigo zomwe zinadutsira mthumba mwa wachibale, theka nkukhala malata a nyumba yake. Ndipo achibale akangomva kuti walankhula mu tchalitchi cha azungu mafoni ayamba, wina fizi wina feteleza, uzingowauza kuti afunse ine. Usalonjezenso kuti umanga sukulu kumudzi kwa bambo ako, anthu salonjezedwa zinthu zotere nkuiwala. Envelopu yakonso uponyemo, osati kungolankhula, aone kuti wa ku Malawi nayenso waponya.

Zithunzi usankhe wekha, uwauze bambo mfumu mwaulemu kuti za chaka chatha zija zipume. Mchimwene wako ndamutuma kuti Loweruka akajambule ana a Don Bosco ku Area 23 ali pa makina awo ndi atsikana a Likuni Girls atavala yunifolomu, koma apemphe kaye chilolezo kwa akuluakulu a pasukulupo, akutumizira pa WhatsApp. Chitenje cha Amayi Achikatolika chija ndinakuikira pansi pa sutikesi uchivale. Bambo ako akupereka moni, akuti usawerenge papepala mutu uli pansi ngati ukupepesa mlandu, ndipo upeze munthu akujambule vidiyo, akufuna akaonetse anzawo kumphakati.

Ndine mayi ako,
ku Likuni