Kalata yotseguka kwa a Governador a Tete: obadwira kothawa nkhondo akadalibe mapepala

Olemekezeka a Governador,

Landirani moni kuchokera kuno ku Angónia. Ndalemba poyera chifukwa zimene ndakhala ndikudandaula mwakachetechete, kudzera kwa mfumu komanso m'makalata amene ndinasiya pa ofesi ina, zangothera m'madirowa.

Chaka chilichonse tsiku la 4 Okutobala likamayandikira, wailesi imafukula nkhani zakale: a Chissano ndi a Dhlakama kugwirana chanza ku Roma mu 1992, mfuti kukhala chete, anthu kubwerera kwawo. N'zoona zonsezo, ndipo timavina nawo. Koma ife aimvi timakumbukiranso zimene zinatsogola. Mu Seputembala 1986 a Samora Machel anapita ku Blantyre pamodzi ndi a Kaunda ndi a Mugabe kukadzudzula a Kamuzu kuti dziko lawo likusunga a Renamo, mpaka anawopseza kuti atseka malire. Pa 19 Okutobala ndege ya a Machel inagwa ku Mbuzini, iwo n'kufera pomwepo. Misozi isanaume tauni yathu ya Ulónguè inalandidwa ndi a Renamo, midzi yathu n'kukhuthukira tsidya la msewu, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mantha anali atatilowa kale chichokereni 1985, pamene ansembe awiri achijezuiti anatengedwa usiku ku Chapotera n'kuphedwa. Wothawa usiku sasaka mapepala, bwana. Amabereka mwana, n'kutenga poto ndi kaufa.

Malawi inafika posunga anthu athu pafupifupi 1 miliyoni. Nkhani za nthawi imeneyo zinkawerenga matumba a chimanga, kenaka zinawerenga anthu 1.7 miliyoni amene anabwerera kuchokera m'maiko asanu ndi limodzi. M'zaka zonsezo amayi sanaleke kubereka, ndipo ana amenewo ndi amene ndikuwanenera.

Mmodzi ndi mwana wa mlongo wanga. Ine ndine malume ake, choncho mlandu wake ndi wanga. Anabadwa mu 1988 m'kamsasa kaudzu pafupi ndi Lizulu, m'manja mwa azamba. Bambo ake anatsala kuno ndipo sanaonekenso. Khadi lake la sikelo linanyowa pobwerera mu 1993, mayi ake anamwalira asanamulembetse, ndipo sukulu ya kwathu tinaipeza ili chipupa chokhachokha, moti Chipwitikizi sanachiphunzire. Lero ndi mayi wa ana, mlimi wa mbatatesi wosagona, koma boma silimudziwa.

Mukanamuona pawindo la kalembera. Amavala chitenje chopitira kutchalitchi, amalipira shapa (minibasi) ndi ndalama ya feteleza, amafika m'mamawa dzuwa lisanathwe. M'kapepala ka shuga amasungamo zonse zimene ali nazo: kalata ya ubatizo yolembedwa ku parishi ya tsidya lija, ndi deklarasau, kalata ya umboni ya mfumu. Akafika kutsogolo amamufunsa BI, chitupa cha unzika, ya mayi ndi ya bambo. Akayamba kufotokoza m'chinenero chathu, wa mkatiyo osadzutsa ndi mutu womwe, amati: "Inu ndinu Mmalawi, kalembetseni kwanu." Pamene a Malawi ankalemba nzika zawo mu 2017, tsidya lija anamuuzanso chimodzimodzi, kuti ndi wa ku Mozambique. Wakhala ngati mleme, kwa mbalame amukana, kwa mbewa amukana. Chonsecho manda a agogo ake ali pompano, ndipo chinenero chimene akumunyozera nacho ndi chomwechi chimene wailesi ya boma imaulutsira nkhani ku Tete.

Zotsatira zake simungazione muli mumzinda. Nambala ya foni yake inalembedwa m'dzina la mnansi, ndiye ndalama za mbatatesi zikabwera pa M-Pesa zimafika kwa mwini dzina, iye n'kumakapempha thukuta lake lomwe. Kontarakiti ya fodya sangasaine. Ku banki sayerekeza n'komwe. Choopsa kwambiri n'chakuti vutoli ndi lobereka: mwana wake woyamba sedula, kalata yakubadwa, alibe chifukwa mayi alibe, ndipo aphunzitsi anena kale kuti mayeso a kalasi 6 akafika padzafunika pepala. Nkhondo inatha mu 1992 koma ikulanga mwana wobadwa zaka 20 pambuyo pake.

Tsono chimene chimandiwawa ndi ichi. M'kapepala ka shuga komwe kaja mulinso khadi lovotera. Limenelo sanalivutikire. Olemba anabwera okha pasukulu ndi makina awo, mboni ziwiri zinakwanira, chithunzi chinajambulidwa pomwepo. Kodi mboni zimene zimakwana pomupanga munthu kukhala wovota zimachepa bwanji pomupanga kukhala nzika? Sindikunyoza chisankho, bwana, inenso ndinaima pamzere mu Okutobala 1994 ndipo sindinaphonyepo. Ndikungofunsa.

Malonjezo tawamva ambiri. Pobwerera anatiuza kuti dziko ndi lathu, tibwere tidzamange. Pa 27 Novembala 2007 ku Songo a Guebuza analengeza kuti damu lamagetsi la Cahora Bassa ndi lathu, tinaomba m'manja ena tili mumdima. Malasha a Moatize anati adzasintha chigawo chonse, koma mu Januwale 2012 tinamva kuti mabanja osamutsidwira ku Cateme atseka njanji. Mu 2016 anthu a m'chigawo chino anathawiranso ku Malawi, ku Kapise, kenaka ku Luwani, ndipo kumenekonso kunabadwa ana. Zimenezo ndazingotchula, sindizo ndadzera. Pepala lokha ndilo ndikufuna, ndipo silidya ndalama za damu kapena za njanji.

Ndikudziwa kuti kalembera ali pansi pa unduna wa zachilungamo ku Maputo. Koma inu tinakusankhani ndi manja athu, ndipo mawu anu amafika kumene anga sangafike. Magulu olemba anthu akabwera kuno amathamangira makanda, zomwe n'zabwino, koma wamkulu wopanda mapepala a makolo amamubwezera kuwindo lomwe lija.

Chonde, bwana, tumizani gulu lapadera lolemba akuluakulu obadwira kothawa nkhondo pamodzi ndi ana awo. Lifike ku Dómuè, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde, osati pa tauni pokha. Lilandire umboni wa mafumu, wa akulu a mpingo ndi makalata a ubatizo, ngakhale olembedwa ku Malawi. Pakhale kalaliki wodziwa Chinyanja, ndipo pasakhale chindapusa cha kuchedwa, poti amene anachedwetsa anthuwa ndi nkhondo. Masiku ake alengezedwe pawailesi pasadakhale, ndipo ikhale nyengo yachilimwe, anthu atakolola komanso misewu ikupitika. Musachedwe nazo, chifukwa agogo amene angaikire umboni kuti uyu ndi mwana wa uje akutha chaka ndi chaka.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Angónia